Wokhoma Zikwangwani wa ku Te Atatu

Nyumba ikafuna mwini wina, amaimbira ine.
Ndimafika mmamawa ndi nyundo, misomali, mitengo iwiri,
udzu ukadali ndi mame,
eni ake akusuzumira pakatani
ngati ndabwera kudzayeza bokosi.

Dothi la msewu uno ndimalidziwa ndi mapewa.
Kumtunda ndi dongo la makani.
Kumunsi, cha kumadzi, mtengo umangolowa wokha.

Nambala 27 ndaikhomera kanayi.

Koyamba anali Mayi Vuletich,
amuna awo atatsogola, masitepe atayamba kuwadya mawondo.
Madola zikwi mazana anayi.
Anandininkha mandimu m'jumbo,
amvekere, tenga, komwe ndikupitako kulibe bwalo.

Zaka zisanu ndi ziwiri zitadutsa ndinabweranso.
A Seumanu anali atapaka penti yotuwa,
atasintha zogwirira za makabati, basi.
Mtengo unawirikiza kawiri, n'kaphatikiza pamwamba.
Koma ngalande ya padenga inkadonthabe pangodya yomwe ija.
Ndikudziwa, inandinyowetsa khosi kawiri konse.

Kachitatu kunali okushoni pabwalo pomwepo.
Anthu ali ndwii, manja m'khwapa,
mnyamata wa suti akulavula manambala
ngati amuotcha mkamwa.
Miliyoni imodzi ndi theka.
Ena anaomba m'manja.
Mtsikana wina wodwala pakati anakalowa m'galimoto
n'kukhala nthawi yaitali osailiza.

Wogulayo, a Hargest, sanagonemo ndi usiku umodzi womwe.
Ankati nyumbayi ikungotchinga,
ndalama ili pansi pakepa,
pamenepa pakwana zisanu ndi imodzi zogundana nthiti.
Mndimu uja anadula.
Kenako chiwongoladzanja cha kubanki chinakwera,
ndipo makina ogumulira sanabwere.

Ndiye chikwangwani chachinayi chili chiimire
mwezi wachisanu ndi chitatu uno.
Udzu wachifika m'chiuno.
Nkhope ya wogulitsa pachithunzipo yasuluka ndi dzuwa,
atsala ndi mano okha, akusekabe.
Andituma kawiri kukamata mtengo watsopano pa wakale,
uliwonse wowonda kuposa mnzake.

A Bhana a kutsidya kwa msewu
amayeza nyumba yawo pafoni m'mawa uliwonse
monga amayezera shuga m'magazi.
Tsiku lina anandiimitsa pageti:
mphwanga, chaka chino ndataya zikwi mazana awiri.
Ndinayang'ana kumbuyo kwawo.
Khonde lomwelo, galu yemweyo,
ketulo ikulira kukhitchini.
Ndinafuna kufunsa, mwazitayira pati, ndikatole?
Ndinangoti pepani.

Ine ndimagona m'galaja ya msuweni wanga,
lendi yake ndi masiku atatu a nyundo pa sabata.
Mwana wanga Tavita amawerenga zikwangwani tikamadutsa:
icho n'cha adadi, icho n'cha adadi, ichonso.
Kusukulu anauza anzake
kuti bambo ake ali ndi nyumba makumi atatu.
Sindinamukonzebe.

Dzulo mphepo inapendeketsa chikwangwani cha pa 27,
ndinapita kukachiwongola, mvula ikuwaza.
Dontho lija, pakhosi pomwe paja.
Ndinatsitsa makwerero pagalimoto.
Palibe anandituma.
Ndinapisa dzanja m'matope a masamba,
ndipo pakamwa pa paipi ndinakhudza chinthu chozungulira:
mpira wa tenesi, wakuda bii, ubweya wonse unatha.
Wa mdzukulu wa Mayi Vuletich kapena,
kaya wa mwana wa eni ake oyambirira,
amene anaulira madzulo amodzi n'kuuiwala.

Anthu anayi asainirana mapepala pansi pa mpira umenewu.
Mabanki atatu aubwereketsera ndalama.

Ndinauzula. Paipi inatsokomola, inameza,
madzi n'kuyamba kutsika njira yake
koyamba m'zaka khumi ndi zisanu.

Ndinaima pamakwerero kumvetsera.
Pa mtengo wa nyumba sipasintha kanthu.
Mpirawo uli m'galimoto, Tavita akuufuna,
koma ukununkha.